Makiyi a Nyumba za Eni

Haruli anadziwa kuti pali nkhani tsiku limene anatsikira ku kasupe n'kupeza amayi anzake akucheza mokweza, koma atangomuona onse anangoti zii. Bachuli, mnzake wa pondaapa-nane-mpondepo, amene ankamweta naye udzu kuyambira chaka chimene onse awiri anakwatiwa ku Tilkot, anatanganidwa mwadzidzidzi ndi kukwecha mtsuko wamkuwa umene unali ukuwala kale. Haruli anapereka moni, iwo anayankha. Anafunsa za njati yoweta ya Bachuli imene inali pafupi kuswa, anamuyankhanso, koma mwachidule. Atatunga madzi n'kusenza, manong'onong'o anayambiranso kumbuyo kwake asanapitirire n'komwe kakachisi ka m'mbali mwa njira.

Tilkot ndi mudzi wa pamwamba pa phiri ku Kumaoni, ndipo kale unali mudzi ndithu. Msewu usanafike munali anthu oposa mazana anayi. Anaulirira msewuwo zaka zambiri, chifukwa odwala ndi amayi apakati ankawanyamula pampando womangirira ku nsungwi mpaka kumtsinje, ena n'kumafera m'njira. Utafika anavina, anaveka basi yoyamba nkhata zamaluwa, dalaivala namupaka utoto wofiira pachipumi. Koma msewu womwewo ndi umene unayamba kutsitsa anthu. Anyamata anapita ku usilikali ndi ku mahotela a ku Delhi, kenaka anabwera kudzatenga akazi ndi ana, pomaliza makolo. Basi ya boma inayenda zaka zochepa n'kuleka, ati okwera achepa. A kalembera atabwera komaliza anangoyenda akuona maloko pazitseko. Otsala sankakwana zana, ambiri mwa iwo a imvi, ndipo anyani ndi nguluwe zinkadya m'minda yosiyidwa popanda wozipirikitsa. Kusukulu kunatsala ana oti n'kuwawerenga ndi zala, mmodzi wa iwo Tanuja, mwana wa Haruli, ndipo aphunzitsi anali atanena kale kuti akachokapo ana ena, a boma adzaitseka.

Chimene chinkalumikiza mudziwo ndi dziko tsopano chinali jipi ya Kundan, mwamuna wa Haruli. M'mawa uliwonse inkatsika kupita kumsika ku Bageshwar, madzulo n'kukwera itasenza ufa watirigu, migolo ya gasi, mankhwala a okalamba ndi makalata. Banja lililonse losamuka linkasamukira m'jipi yomweyo, mabokosi achitsulo ndi mabulangete zitamangidwa pamwamba. Kundan ndiye anali munthu womaliza kuwaona onse. Palibe ankamuda nazo, poti galimoto ina kunalibe.

Nkhani ya pakasupe ija Haruli anaimva patapita masiku, ali kunkhalango ndi Bachuli. Mnzakeyo anazungulirazungulira, kudandaula za bondo, za anyani, za mwana wake amene saimba foni, kenaka anaika chikwakwa pansi.

"Amake Tanuja, munthu uja anabwera ndi amuna ako mwezi watha, ndi ndani?"

Haruli ankamukumbukira. Anali bambo wamfupi wa chipewa chansalu, wa ku Nepal malinga ndi kalankhulidwe kake. Anatsika m'jipi madzulo nayenda ndi Kundan mpaka ku nyumba ya Gopuli, mayi wamasiye amene ana ake anamutengera ku tauni ya Haldwani chaka chatha. Anthu anamuona akusuzumira pawindo, akugogoda zipupa, akutapa dothi la m'munda n'kulinunkhiza. Anagona m'jipi, m'mawa n'kutsika nayo osacheza ndi wina aliyense. Kundan anamuuza Haruli kuti ndi mmisiri wofuna miyala, basi, ndipo iye sanafunsenso.

Bachuli anati a Diwan Singh, msilikali wopuma amene mawu ake ankalemera m'mudzimo, akuti ku Dhaulkhet, kutsidya kwa chigwa, zinayambanso choncho. Kunabwera munthu wogogoda zipupa, kenaka nyumba zotsekedwa zinagulidwa imodziimodzi ndi mkulu wina wachuma wa mumzinda. Lero kuli hotela, ndipo kasupe wa mudzi ali mkati mwa mpanda wa waya. Munthu wakunja sangadziwe nyumba yopanda mwini ndi iti, pamafunika wa m'mudzi womulozera. Nanga ndani amadziwa bwino amene wachoka, kumene wapita, ndi nambala yake ya foni? Ena ankafika ponena kuti Kundan amanyengerera anthu kuti asamuke akamawatsitsa m'jipi, chifukwa banja la wansembe linachoka patangopita masiku ochepa mlendoyo atabwera.

"Amenewo ndi mabodza, achemwali," anatero Haruli. "Wansembe anayamba kulongedza chaka chatha, inu mukudziwa."

"Ine sindikunena kanthu. Ndikungokuuza zimene zikunenedwa. Mwamuna ndi wako, ndiwe umagona naye nyumba imodzi."

Haruli anamanga mtolo wake mwamphamvu mpaka chingwe chinamusupula zala, ndipo anatsika phiri atakwiya. Koma mkwiyowo sunakhalitse. Pofika kunyumba unali utasanduka mafunso.

Anayamba kumuyang'ana mwamuna wake ndi maso ena. Foni ikalira pa nthawi ya chakudya, Kundan ankasiya chapati m'mbale n'kupita kuseri kwa khola la njati, kumakalankhula motsitsa mawu. Ankafika mochedwa n'kunena kuti msewu unagumuka pena pake, koma amayi amene anakwera nawo ankati iye anawasiya pa sitolo ya tiyi kumsika, ati akukathira mafuta, nasowa mpaka dzuwa kupendeka. Matayala ankabwera ndi matope ofiira. Haruli anali atayenda msewu wa ku Bageshwar kambirimbiri, ndipo ankadziwa kuti dothi lake ndi lotuwa kuchokera pakhomo mpaka pa phula. Tsiku lina akumupatsa tiyi anamufunsa ngati pali chimene chikumuvutitsa. Kundan anati ndi za galimoto, giya ikuvuta, n'kutembenukira kwa Tanuja kumufunsa za kusukulu. Kundan sanali munthu wofunsa za kusukulu.

Masana ena, pochokera kumunda, Haruli analambalala njira yake n'kudutsa kwa Gopuli. Udzu wa pabwalo unali utakula mpaka m'chiuno, koma pakati pake panali kanjira kopondedwa kofika pakhomo. Anagwira loko. Zala zake zinabwerako ndi mafuta a galimoto.

Kenaka m'mawa wina tayala lakutsogolo la jipi linapezeka litachekedwa ndi mpeni. Galimotoyo inkagona pamapeto a msewu, m'munsi mwa nyumba zoyamba, ndipo okwera anali atasonkhana kale ndi zikwama zawo. Haruli anatsika atamva kuti kwachitika zinthu. Ankayembekezera kuti mwamuna wake akalipa, atukwana, alumbira pa mulungu Golu kuti wochita zimenezi aoneke, monga anachitira nthawi imene wina anamuswera kalirole. Koma Kundan anangoyang'ana tayalalo, nayang'ana anthuwo mmodzimmodzi, n'kugwada kuyamba kumasula. Kukhala chete kumeneko kunamuwawa Haruli kuposa mpeniwo. Munthu wosalakwa sangameze zotere, anaganiza.

Kundan anamutuma kuti amutengere sipanala yaikulu m'bokosi la pansi pa mpando. Sipanalayo inalimo, pamodzi ndi nsanza zamafuta ndi waya. Kunsi kwa zonsezo kunali kathumba kansalu kolemera. Haruli anakamasula pakamwa. Munali makiyi, ambiri, ena a maloko akale akuluakulu. Kiyi wina anamuzindikira nthawi yomweyo chifukwa cha ulusi wofiira ndi kabelu ka mbuzi kamene kanamangidwapo. Ameneyo anali wa Gopuli. Haruli anali atamugwirapo kangapo masiku amene mayiyo ankamusiyira nyumba akapita ku maliro kwawo.

Anabwezera kathumbako m'malo mwake, napereka sipanala. Tsiku lonselo anagwira ntchito ngati munthu wa malungo. Anakama njati, anapeta mawere, anatereka nyemba zakuda, koma mutu uli pa makiyi. Ankayesa kumupezera mwamuna wake chifukwa chabwino. Mwina osamuka ankamusiyira makiyi pofika pa siteshoni, poti ndiye womaliza kutsanzikana naye. Nanga bwanji sanamuuze iye mkazi wake? Nanga bwanji kuwabisa pansi pa nsanza? Ankamudziwa Kundan, sanali wakuba, sanali chidakwa. Koma jipi inali ikukalamba, okwera akuchepa, ndipo munthu wopanikizika amamvera mawu amene kale akanawalavulira. Anaganizanso za mkazi wina kumatope ofiirako, ndipo anadabwa kupeza kuti ganizo limeneli silinkamuopsa kwenikweni. Mkazi mnzake akanatha kulimbana naye. Dzina la wogulitsa mudzi limagwera ndi ana omwe.

Madzulo a tsiku lomwelo, jipi isanabwere, a Diwan Singh anafika pakhomo, ati akupempha mkaka wosasa. Anakhala pakhoma la bwalo, namwa pang'onopang'ono, nayamikira kuti njati ikudya bwino. Ananena za malemu apongozi ake aamuna a Haruli, kuti anasenza nawo miyala pomanga sukulu, munthu amene sanabisepo kanthu kwa mudzi. Pobweza kapu anati, "Mwana wanga, nyumba ikayamba kufuka utsi, woyamba kutsamwa ndi amene ali mkati." Haruli anaphimba mutu bwino ndi nsalu, nayankha kuti wamva. Atapita anadzifunsa ngati mkuluyo anabwera kudzamuchenjeza kapena kudzaona nkhope yake, ndipo ngati ankadziwa mwini mpeni uja.

Patapita masiku angapo Haruli anadzuka atamanga nsalu m'tsaya, nati dzino lamusowetsa tulo, akufuna kukaonana ndi adokotala. Kundan anati amugulira mankhwala. Iye anakana. Anakhala kumbuyo ndi amayi ena, a Diwan Singh ali kutsogolo, akupita kukayezetsa shuga. Ulendo wonse wotsika m'jipi munali zii, chinthu chosachitika, poti nthawi zonse anthu ankakangana za ndale ndi za ukwati wa eni mpaka kumsika. Pa kona ina a Diwan Singh anatsokomola n'kunena, osayang'ana munthu, kuti kunkhondo mdani wa kutsogolo sankamuopa, ankaopa amene akudya naye mbale imodzi. Kundan anangosintha giya.

Kumsika ena onse anatsika. Haruli anasamukira mpando wakutsogolo.

"Chipatala ndi icho," anatero Kundan. "Tsika, ine ndikathire mafuta."

"Dzino lapola."

"Ndiye kadikire pa sitolo ya tiyi."

"Ndikaone nawo malo othirira mafuta a matope ofiirawo. Makiyi ndawaona, abambo a Tanuja. Ngati mukunditsitsa, munditsitse ndi manja anu pamaso pa anthuwa."

A Diwan Singh anali ataima chapatali, atatsamira ndodo, akuwaonerera. Kundan analiza galimoto.

Anawoloka mlatho, natsata mtsinje wa Sarju kulowera kumunsi, kenaka anasiya phula n'kulowa kamsewu ka dothi lofiira kodulidwa kumene m'mbali mwa phiri. Haruli anagwira chitseko, akuyembekezera geti, nyumba yopaka utoto, munthu wa mimba yaikulu ndi magalasi akuda. Chimene anafikira ndi zisakasa za malata ndi mapulasitiki abuluu zitandandalikana pamchenga m'mbali mwa madzi, mmene ankagona anthu okumba msewu. Zambiri zinali zitaphwasulidwa. Pa chimodzi pankatuluka utsi.

Bambo wa chipewa chansalu uja anatuluka akupukuta manja. Kundan anati dzina lake ndi Lok Bahadur. Pambuyo pake panabwera mkazi wake, Sunmaya, wowonda, wa ndolo pamphuno, khanda kumsana, ana ena awiri atagwira nsalu yake. Atamva kuti mlendoyo ndi mkazi wa Kundan anamuyalira thumba pamwala, namupatsa tiyi m'kapu yachitsulo, ndipo Haruli asanamwe n'komwe mafunso anayamba, m'Chihindi chopindikapindika. Kodi denga la nyumbayo limadontha? Kodi kasupe ali kutali? Kodi n'zoona kuti sukulu ili m'mudzi momwemo ndipo ana amadya masana? Kodi kambuku amafika pakhomo?

Haruli anayankha mafunsowo limodzilimodzi, ndipo m'kuyankhamo ndi mmene nkhani inalowera m'mutu mwake. Ntchito ya msewu inali itatha. Kwawo kwa anthuwa, kutsidya kwa malire, phiri linagumuka n'kukwirira munda wawo, kobwerera kunalibe. Lok Bahadur anali mlimi wa kachewere ndi kabichi. Gopuli anali atavomera pafoni kuti alowe m'nyumba yake ndi kulima minda yake, bola azimutumizira gawo la zokolola ndi kumayatsa nyale pa kachisi wa pakhomo. Mabanja ena amene anasiya makiyi kwa Kundan anali akuganizabe.

Pobwerera anayenda mpaka mlatho unaonekera. Kenaka Haruli anaphulika. Anamufunsa ngati iye ndi mlendo m'nyumba mwake, kuti azimva za mwamuna wake kwa amayi a pakasupe. Anamuuza zonse zimene zikunenedwa, za hotela, za mpanda wa waya, za kunyengerera anthu. Kundan anati akuzidziwa, makutu ali nawo.

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndikanakuuza iwe, ukanamuuza Bachuli. Bachuli akanauza mudzi. A Diwan akanamuimbira Gopuli kumuchititsa manyazi kuti akulowetsa anthu osadziwika mtundu m'nyumba ya malemu amuna ake, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Bola anditche wogulitsa mudzi kwa kanthawi. Anthuwa akalowa, alowa."

Za Bachuli Haruli sanatsutse, chifukwa zinali zoona. Koma anafunsa kuti iye Kundan apindulapo chiyani, popeza sanamudziwepo ngati munthu woyenda ulendo wopanda katundu. Kundan sanabise. Kabichi ndi kachewere sizitsika phiri ndi miyendo, zidzafuna galimoto. Ana akachuluka sukulu sitsekedwa, ndipo mabanja a ana sathawa. Jipi yopanda okwera ndi chitsulo chabe. Kenaka, maso ali pamsewu, anawonjezera kuti zimenezi zikakanika anali atafunsa kale chipinda ku Haldwani kwa msuweni wake, ndi malo oimika galimoto pa siteshoni.

Haruli anatembenukira kuwindo. Ndiye kuti m'nyumba mwake momwemo munthu anali atayeza kale njira yochokera, iye akukama njati osadziwa kanthu. Okwera atadzaza kumsika anabwerera kumpando wakumbuyo, ndipo mayi wina atamufunsa za dzino anati adzalichotsa ulendo wina.

Anasunga chinsinsicho, ndipo chinamulemera. Njati ya Bachuli itaswa, mnzakeyo anabwera ndi mkaka woyamba wophika m'mbale, nakhala pakhonde nthawi yaitali akudikira kuti Haruli anene kanthu za ulendo wa kumsika, poti nkhani yoti anakana kutsika m'jipi inali itafika kale m'mudzi. Haruli anayamika mkakawo, nafunsa ngati kamwana ka njati ndi kakakazi. Bachuli anatenga mbale yake n'kupita.

Banja la Lok Bahadur linafika tirigu asanafesedwe, dzuwa lisanalowe. Kundan anachita dala kuliza hutala pa kona yomaliza. Katundu wawo anali wochepa, miphika, mabulangete, makasu ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Anthu a ku Tilkot, amene anazolowera kuona katundu wotere akukwezedwa pa jipiyo, anaima m'makonde kuonerera akutsitsidwa. Pofika pakhomo pa Gopuli mudzi wonse unali utatsatira.

A Diwan Singh anaima pa masitepe a nyumbayo, ndodo itapingasa. Sanakweze mawu. Anafunsa kuti anthuwa ndani, a mtundu wanji, amapembedza chiyani, ndipo wawaitana ndani. Anati lero ndi banja limodzi, mawa adzakhala khumi, ndipo tsiku lina eni Tilkot adzachita kupempha kuti atunge pa kasupe wa makolo awo. Ambiri anavomereza ndi mitu. Sunmaya anakokera ana kumbuyo kwake.

Kundan anaimba foni, naikweza mawu kuti onse amve. Mawu a Gopuli anatuluka opyapyala, pakati pa mahutala a m'tauni.

"Alamu a Diwan, nyumba ndi yanga. Chichokereni ine, munakonzapo dengalo? Munapirikitsapo nyani mmodzi m'munda mwanga? Asiyeni alowe. Kukakhala kulakwa, ndalakwa ine."

A Diwan Singh anati nyumba ndi yake, inde, koma mudzi si wake yekha, ndipo iye ali ku Haldwani sadzamwa nawo madzi amenewa. Foni inaduka, kaya ndi netiweki kaya ndi Gopuli. Kenaka mkuluyo anatsika pa masitepe pang'onopang'ono, nanena kuti iye wachenjeza, ndipo anapita. Kundan anatsegula loko. Haruli ndiye analowa koyamba ndi tsache, akumva maso a Bachuli kumsana kwake.

Mudzi sunawalandire, sunawathamangitsenso. Nkhani ya hotela inafa, koma zinabadwa zina. Ati Kundan amadya gawo pa mutu uliwonse umene wabweretsa. Ati anthuwa anathawa mlandu kwawo. Mbuzi ya wina itasowa aliyense anadziwa wakuba, mpaka chikopa ndi nyanga zinapezeka kumene kambuku anadyera. Sunmaya ankatunga madzi masana, pamene pakasupe palibe munthu. Bachuli anasiya kumuitana Haruli kokamweta udzu, ati munthu wobisira mnzake zotere wabisa zingati. Komabe m'mawa uliwonse anthu omwewo ankakwera jipi ya Kundan, ndipo aphunzitsi analandira ana awiri atsopano n'kusiya kunena zotseka. Minda ya Gopuli inalimidwa, makoma ake amiyala anaimikidwanso, ndipo anyani anasamukira kwa a Diwan Singh, amene sanakhululuke zimenezonso. Za Haldwani Kundan sanazitchulenso ndipo Haruli sanafunse, koma foni ya mwamuna wake ikalira ankasiya chimene akuchita.

Posowa womweta naye, Haruli anayamba kupita kunkhalango ndi Sunmaya. Mayiyo ankamweta mofulumira ndipo sankalankhula kwambiri. Tsiku lina m'nyengo yozizira, atamanga mitolo n'kukhala pamwala kuti apumule, Sunmaya anasisita manja ake nthawi yaitali asanatsegule pakamwa.

"Achemwali, ndifunse chinthu, musakwiye. Amuna anu akufuna chiyani kwa ife?"

Haruli anati akufuna kabichi wonyamula, basi.

Sunmaya anapukusa mutu. Anati m'chigwa china anapatsidwapo munda wa thengo mwaulemu womwewu. Anazula zitsa, anamanga makoma, anathira manyowa, ndipo munda utayamba kubala eni ake anatulukira n'kuwauza kuti achoke mwezi usanathe. Anati mwamuna wake akukana kugula mbuzi, ati ziweto zimavuta pothawa, ndipo mabulangete ena sanawamasule n'komwe mu mtolo umene anabwera nawo. Ana anawauza kuti asamadye chilichonse chopatsidwa ndi anthu a m'mudzi.

Haruli anafuna kumuuza kuti Kundan si wotero, Gopuli si wotero. Mawuwo anafika pakamwa. Koma Gopuli anali wokalamba, ndipo anali ndi ana aamuna amene Haruli sankadziwa mitima yawo.

"Sindikudziwa," anatero. "Ndikamva kanthu ndidzakuuza usanamve kwa wina."

Sunmaya anamuyang'anitsitsa, ndipo sananene kuti wakhulupirira. Anadzuka, namusenzetsa Haruli mtolo wake, iye n'kudzisenza yekha monga anazolowera. Anatsika phiri motsatizana, aliyense ataweramira njira, chifukwa kumthunzi madzi anali ataundana pamiyala ndipo pankaterera.